Mphuno ya Amuna Anga

Amuna anga kuntchito kwawo ankawatcha Amphuno. Musaganize kuti n'chifukwa cha kukula kwake, ayi, kamphuno kawo n'kochepa kuposa kangaka. Linali dzina laulemu, ndipo eni ake ankayenda nalo monyang'wa.

Ankagwira ntchito pa fakitale yopanga ufa woyera uja amathira mu buledi kuti asachite chuku msanga. Ufawo ulibe mlandu, tonse timaudya. Chilombo ndi chimene amapangira ufawo. Ndi asidi wobwera m'mathanki, dzina lake puropiyoniki, ngakhale lilime langa limapunthwa nalo mpaka lero. Kumuona ali mbee ngati madzi akumwa. Akakudonthera pakhungu amawotcha, akalowa m'maso ndiye musanene, ndipo moto safuna kuuona pafupi. Fungo lake ndi la thukuta losasa, la malaya amene agonera m'chikwama osachapa, n'chifukwa chake anthu a pa fakitalepo ankangomutcha Thukuta.

Ine fungo limenelo ndinakwatiwa nalo. Ovololo yawo ndinkaichapa payokha, m'beseni lakelake, nditavala magolovesi amene anandibweretsera okha. Pa zimenezo anali munthu wosamala, ndisawanamizire. Ana sankaloledwa kuwakumbatira asanasambe, ndipo mgolo wa ku fakitale sunapondepo pakhomo panga, ngakhale anzawo ankaizembetsa kukasungiramo madzi.

Dzina lija linabwera chonchi. M'mawa uliwonse makina asanalizidwe, amuna anga ankayenda motsata mapaipi, manja kumbuyo, akununkhiza. Pamene paipi yayamba kudontha, kaya ndi kadontho kosaoneka ndi maso, iwo ankaima n'kuloza. Amakaniko akafuna kumasula paipi, ankayamba aitsuka mkati ndi madzi, kenako n'kuitana Amphuno. Iwo ankatsegula kampopi kam'munsi, n'kukupizira mpweya kumphuno ndi dzanja, n'kugamula. Akati, "Muli madzi okha, masulani," anthu ankamasula. Akati, "Thukuta likadalimo," ankatsukanso. Lamulo limeneli palibe analikhazikitsa. Linangomera lokha, ndipo kwa zaka zambiri silinagwiritse munthu mwala.

Kenako kunabwera mayi wina woona za chitetezo. Anthu anamupatsa dzina loti Mayi Magalasi, chifukwa nyimbo yake inali imodzi: valani magalasi, valani magalasi. Mayiyu anabweretsa timapepala tosintha mtundu tikakhudza asidi, ndipo analetsa zonunkhiza. Ananena kuti mpweya wa asidi uja umadya mphuno ndi kukhosi pang'onopang'ono. Anthu anagwedeza mitu, iye atangotembenuka n'kuitana Amphuno. Timapepala tinali mu ofesi, kutsidya kwa bwalo, pamene Amphuno anali pomwepo.

"Pepala lidziwa chiyani?" ankatero amuna anga akamavula nsapato. "Ine Thukuta ndimalimva lisanaganize n'komwe zodontha."

Ndinkaseka nawo. Mwamuna wako akamatamidwa, nawenso umanenepa.

Loweruka lina masana ndinatereka nyemba, n'kupita kwa aneba kukabwereka lumo lodulira nsalu. Mukudziwa pakamwa pa ine, ndinachedwako. Pobwerera ndinamva fungo la nyemba zopserera ndili kumsewu. Ndinathamanga, n'kupeza amuna anga ali phee pakhomo la khitchini, msana kumbaula, akukonza wailesi. Mphika unali kumbuyo kwawoko, ukufuka.

"Bambo, simukumva?"

"Chiyani?"

Anatembenuka, anaona utsi, ndipo nkhope yawo inachita zimene sindinaonepo. Anati ali ndi chimfine. Chimfine chake chopanda chifuwa, chopanda mamina, ine sindinachimvepo.

Ndinasiya kapu ya mkaka pawindo mpaka unasasa, moti ngakhale mphaka anaufulatira. Tsiku lotsatira ndinawapatsa.

"Tanunkhizani, mkakawu ukadali bwino?"

Anaugwira mwaukatswiri, n'kukupizira mpweya kumphuno ndi dzanja monga amachitira kuntchito. "Uli bwino, thirani mu tiyi," anatero.

Ndinakhala pansi. Ndinawauza kuti mkakawo ndi wowola, ndipo andiuze zoona ngati amandiyesa mkazi wawo. Anayang'ana m'kapu muja nthawi yaitali. Kenako anaulula kuti mphuno inayamba kuzilala chaka chathacho. Choyamba kutha linali fungo la sopo, kenako la nyama yowotcha, kenako la mvula yoyamba. Thukuta ndi limene linatsalira, koma nalonso linapita.

"Nanga kuntchito mukumachita bwanji?"

"Mapaipi aja ndimawadziwa ngati ana anga. Ndimaona dzimbiri. Maso akayamba kuyabwa ndimadziwa kuti pali kanthu. Nthawi zina ndimayang'ana nkhope za anzanga, wina akakwinya mphuno ine n'kuloza."

"Ndiye kuti mukulosera."

"Sindinaphonyepo."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti anthu akuika maso awo ndi khungu lawo pa mphuno yakufa, ndipo mawa lomwe akauze Mayi Magalasi. Iwo sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa kukalipa ndiko ndimatha. Anangolankhula motsitsa.

"Mayi, ine sukulu sindinapite nayo patali. Pa fakitale paja abwana akamadutsa amandipatsa moni wa dzanja. Ndikapanda kukhala Amphuno, ndikhala ndani? Wokankha wilibala?"

Anandilonjeza kuti anena, koma adikire ntchito yokonza thanki yaikulu ithe kaye. Itatha, anati adikire Mayi Magalasi abwere kutchuthi. Atabwera, anati sabata ino ndi yotanganidwa. Mawa lawo silinkacha.

Chimene chinkandidya kwambiri chinali mlongo wanga. Ndi mnyamata wamng'ono kwa ine, ndinamulera ndekha mayi athu atamwalira, ndipo anali makaniko pa fakitale yomweyo. Ntchitoyo anamupezera ndi amuna anga omwewo. Anali munthu wa maso akuthwa, moti akabwera kwathu ndinkamusungira singano zonse kuti andilowetsere ulusi. Alamu akewo ankawalambira. Magalasi a kuntchito ankawavala pachipumi, ati amachita nthunzi ndipo munthu suona mabawuti bwinobwino.

Ndinamutsina khutu. Ndinamuitanira kuseri kwa nyumba kumene ndimayanika zovala, n'kumuuza za nyemba ndi za mkaka, zonse osasiyako. Iye anaseka mpaka kugwira chingwe choyanikira.

"Achemwali, mwayambana chiyani ndi alamu? Dzana lomweli apeza podontha pamene tonse tinadutsa osaona."

"Iwe, ndikukuuza kuti akulosera."

"Ndiye alosereni inunso, tione. Mphuno ya alamu ndi ya fisi, siikalamba."

"Chabwino, seka. Koma magalasi uzivala m'maso, osati pachipumi. Ndipo timapepala tija uzikatenga."

"Ndamva, Mayi Magalasi aang'ono," anatero, n'kundilanda singano imene inali pa bulauzi yanga kuti alowetse ulusi.

Madzulo ake ndinauza amuna anga kuti sabata imeneyo ikatha asananene, ndivala nsapato zanga n'kukanena ndekha pa geti, andisiye ukwati ngati akufuna. Anati ndamveka. Sabatayo sinathe.

Linali Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, pamene kapitawo wa amakaniko anafika pakhomo panga atagwira chipewa m'manja. Munthu wa ku fakitale akabwera masana atavula chipewa, sufunsa ngati kwagwa zabwino. Ndinangofunsa kuti, "Ndi uti?"

"Mlongo wanu, mayi. Ali moyo. Ndi maso."

Zimene zinachitika anandifotokozera m'galimoto. Panali paipi yofunika kusintha labala lotsekera polumikizira. Anaitsuka ndi madzi monga mwa nthawi zonse, osadziwa kuti chotsekera cha kumtunda sichinagwire bwino, ndipo asidi anabwereranso mwakachetechete. Anaitana Amphuno. Amphuno anatsegula kampopi, anakupiza dzanja, n'kunena kuti muli madzi okha. Mlongo wanga anagwada, magalasi ali pachipumi, n'kuyamba kumasula. Bawuti lomaliza litafooka, Thukuta linatumphuka n'kumuthira kumaso.

Kapitawo anati amuna anga ndi amene anamunyamula. Anamukokera ku mpopi wotsukira maso, anamutsegula zikope ndi zala iye akukuwa ndi kuphiriphitha, n'kumugwira pamadzipo osamusiya mpaka galimoto ya chipatala inafika. Anamung'amba ovololo yonyowa ija ndi manja awo opanda magolovesi, manjawo n'kupsa. Zonse zoyenera kuchita munthu akathiridwa asidi anazichita, ndipo adokotala anati zimenezo n'zimene zinapulumutsa nkhope. Koma madzi akatayika saoleka. Diso limodzi linatheratu, linalo linatsala longosiyanitsa kuwala ndi mdima.

Kuchipatala ndinawapeza atakhala pa benchi, manja ali m'mabandeji. Anadzuka kuti andilankhule. Ndinawadutsa ngati sindikuwadziwa.

Ku fakitale kunali kufunsana. Mayi Magalasi anafunsa chifukwa chake sanagwiritse ntchito timapepala, ndipo amuna onse aja anangoyang'ana nsapato zawo. Kutchula Amphuno kukanakhala kudzitchula okha, poti onse ankadya nawo mwambowo. Mlandu unagwera magalasi a pachipumi. Ndinamva kuti mayi uja analira mu ofesi mwake, kenako anapachika timabokosi ta timapepala pa khoma lililonse. Amuna anga anatamidwa chifukwa chopulumutsa mnzawo. Tamvani zimenezo, anatamidwa.

Mlongo wanga atatuluka m'chipatala tinamutengera kwathu, chifukwa ankakhala yekha m'chipinda cha pamwamba, cha masitepe opanda chogwirira. Tinamupatsa chipinda cha ana. Ndipo apa ndinene zoona ngakhale zikundiwawa: palibe anamusamala kuposa amuna anga. Ankamumeta ndevu, kumudontheza mankhwala m'maso, kumutsogolera kubafa, kumuuza kuti nyama ili mbali iyi ya mbale, masamba mbali iyo. Anamanga chingwe kuchokera pakhomo mpaka pa benchi ya pakhonde kuti azitsata yekha. Za tsiku lija sanatchulepo.

Ine ndinkaphikira amuna awiriwo, wina wobadwa naye, wina wondikwatira, ndipo mtima wanga unali wowawa ngati ndulu. Amuna anga ndinkawalankhula za mchere ndi makala basi. Ndinkadana nawo m'mawa, madzulo n'kuwamvera chisoni ndikaona akulephera kumanga mabatani ndi zala zopsa zija. Singano zanga ndinazitsekera m'chitini, sindinkafuna kuziona.

Mlongo wanga sanadandaulepo, ndipo chimenecho chinkandiopsa. Mnyamata wa phokoso uja ankangokhala pa benchi, nkhope kudzuwa. Mphuno yake ndi imene inadzuka. Ankadziwa kuti aneba akukazinga anyezi, kuti mvula ikubwera, kuti ndasintha sopo. Alamu ake atayambiranso ntchito, madzulo ankati, "Alamu afika," iwo asanakhote n'komwe pa ngodya, chifukwa Thukuta linkawatsogolera.

Manja atapola, amuna anga anabwerera kuntchito. Poyamba anthu ankagwiritsa ntchito timapepala, mantha akadalipo. Koma munthu sachedwa kuiwala. Tsiku lina kapitawo uja anabwera kudzazonda, ndipo pocheza ananena kuti ngozi ija sinali vuto la mphuno, ati asidi anabisala kuseri kwa madzi, ngakhale ndani akanapusitsidwa. Anati timapepala timatha msanga, tikanyowa sitigwira ntchito, ndipo anyamata ayambiranso kuitana Amphuno pa timapaipi ting'onoting'ono. Ananena zimenezi moyamikira, akumwa tiyi wanga. Amuna anga anayang'ana pansi. Mlongo wanga anatembenuzira khutu kwa iwo.

Mlendo atapita ndinawatsatira kuchipinda. "Mukufuna maso angati, bambo? Awa sanakukwaneni?"

"Ndimawauza kuti atsimikize ndi pepala."

"Koma mumanunkhiza."

"Akandiitana nditani?"

Ndinawauza kuti Lolemba ndikupita ndekha, ndipo ulendo uno sindidikira sabata.

Lamlungu m'mawa tinakhala patebulo atatu, ana atapita kukaimba kwaya. Kunali kotentha masiku amenewo, ndipo mkaka wa dzulo lake ndinaiwala kuuwiritsa. Sindinachite dala, Mulungu ndi mboni. Mlongo wanga anapapasa jagi, anaikweza kuti athire mu tiyi, n'kuima. Ndinaona mphuno yake ikukwinyika. Ndinatambasula dzanja kuti ndiilande, koma iye anaitembenuzira mbali ina.

"Alamu, tandinunkhizirani mkakawu. Ine ndimakhulupirira inu."

Amuna anga analandira jagiyo ndi manja a zipsera aja. Anaifikitsa kumphuno. Dzanja linayamba kukwera kuti likupize, monga linazolowera, koma linaima m'njira. Anandiyang'ana. Ndikanangopukusa mutu pang'ono, akanadziwa yankho, ndipo wakhungu sakanaona. Ndinayang'ana khoma.

Anaika jagi patebulo pang'onopang'ono.

"Sindikumva kanthu, alamu."

"Chimfine?"

"Ayi. Inafa. Ndi kale."

"Ngakhale tsiku lija?"

"Ngakhale tsiku lija. Ndinalosera. Ndinaona kuti atsuka nthawi yaitali, ndiye ndinati muli madzi okha."

Mwamuna amene sanalire pa maliro a bambo ake analira pamaso panga ngati mwana, mapewa akugwedezeka, ndipo ine amene ndinadikira mawu amenewa nthawi yonseyi sindinamve kukoma kulikonse. Ndinangomva kutopa.

Mlongo wanga anapapasa kapu yake n'kuigwira ndi manja awiri.

"Achemwali anandiuza," anatero. "Kuseri uko, pa chingwe. Ndinaseka."

Amuna anga anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sankadziwa.

"Ndakhala pa benchi paja ndikudikira kuti mundiuze ndi pakamwa panu. Mukamandimeta ndimati lero anena. Mukamandidontheza mankhwala ndimati lero anena. Magalasi ndinali nawo pachipumi, amenewo ndi anga, ndidzafa nawo. Koma enawo ndi anu, alamu, ndipo ndatopa kukusenzerani." Anaika kapu patebulo. "Amene watenga masipanala anga ali ndi ana aang'ono. Mawa mukawauze."

Kenako anakankhira jagi kwa ine. "Wasasa, achemwali. Kautayeni."

Lolemba sindinavale nsapato zanga. Anapita okha, ndipo ndinamva kwa mkazi wa kapitawo kuti sanakanene mu ofesi mobisa. Anaima pamene anthu amasonkhana m'mawa, Mayi Magalasi ali pomwepo, n'kunena zonse. Palibe anawatukwana. Palibenso anawapatsa moni wa dzanja. Kuchipatala anawayeza n'kutsimikiza kuti mphunoyo siidzabwerera, ndipo fakitale inawachotsa kumapaipi n'kuwaika kosungira katundu, kutali ndi mathanki, kumene amasanja matumba a ufa woyera uja. Wilibala imene ankaiopa ija ndi imene amakankha. Dzina la Amphuno linatha ngati silinakhaleko, anyamata atsopano amangoti madala a kumatumba.

Ovololo yawo ndinayamba kuichapira limodzi ndi zovala zina. Beseni lija ndinadzalamo tsabola. Fungo limene ndinakwatiwa nalo linachoka m'makatani, m'mapilo, kenako pakhungu pawo, ndipo ndikuuzeni zodabwitsa, ndinalisowa.

Madzulo ena ndinali pakhonde ndikusankha mpunga, mlongo wanga ali pa benchi yake. Amuna anga analowa pa geti mwakachetechete, monga amayendera masiku ano, n'kuima pafupi ndi chingwe. Mlongo wanga anamva kuti pali munthu. Anakweza mphuno, ananunkhiza, koma sanapeze kanthu.

"Ndani?"

Amuna anga anaima choncho, chikwama cha nkhomaliro chili m'manja, mpaka ine ndinasiya kusankha mpunga.

"Ndine, alamu," anatero pomaliza.

Mlongo wanga anapapasa benchi, n'kusunthira kumapeto kuti pakhale malo.